Zaka zinayi ndili monita wa kalasi imodzi

Ndinasankhidwa kukhala monita mu teremu yoyamba ya Fomu 1, ndipo udindowo sunandichoke mpaka tsiku lomwe ndinalemba pepala lomaliza la Fomu 4. Sikuti ndinali wanzeru kuposa anzanga ayi. Aphunzitsi a kalasi yathu anangoona kuti ndimalawira kusukulu ndiponso zolemba zanga zimawerengeka, basi n'kundipatsa buku la mayina. Ntchito yake inkaoneka yopepuka: kuitana mayina m'mawa, kukatenga choko ku ofesi, kuonetsetsa kuti bolodi yafufutidwa, ndi kulemba ochita phokoso, ntchito imene imadanitsa munthu ndi anzake msanga kwambiri. Koma wogwira buku limenelo amaiona kalasi mwa mtundu wina. Aphunzitsi amabwera ndi phunziro lawo n'kumapita, ena amasamutsidwa pakati pa chaka. Wophunzira aliyense maso ali pa malikisi ake. Monita ndiye amadziwa desiki yomwe yayamba kusowa mwini wake Lachisanu lililonse.

Izi ndikulembera makamaka amene apatsidwa udindo ngati wangawu, aphunzitsi amene angolandira kumene kalasi yawoyawo, komanso makolo amene amaona ngati masewero ndi makalabu n'zongotayitsa ana nthawi.

Tinakumana tili alendo okhaokha, aliyense wochokera ku pulayimale yake, ndipo ambiri kumene tinachokerako tinali akatundu. Chimenechi ndicho chimawawa mu teremu yoyamba. Munthu wozolowera kutchulidwa koyambirira akupezeka pakati penipeni pa mndandanda, sakumvetsa chomwe chachitika. Maphunziro achuluka, lililonse ndi mphunzitsi wake, ndipo palibe wokudikira kuti umalize kukopera. Kunja akuluakulu a makalasi apamwamba akukutuma, akukuseka yunifomu yomwe anakugulira yaikulu kuti ukuliremo. Mwezi usanathe anthu anali atakhazikika kale: olimba mtima kutsogolo, amanyazi kumbuyo. Mpando wa mwezi woyambawo ukapanda kuusiya, ndi womwewo mpaka kumaliza sukulu.

Madamu athu anachita zinthu ziwiri zimene panthawiyo zinkatitopetsa. Lolemba lililonse mzere wakutsogolo unkapita kumbuyo, mizere inayo n'kusunthira kutsogolo. Otsala pafupi ndi bolodi anali okhawo a vuto la maso kapena makutu. Chinacho, anagawa ntchito za m'kalasi mpaka zinakwanira aliyense. Wina wosunga nthawi, wina wotseka mawindo, wina wotsatira mabuku obwereka ku laibulale, wina wolemba homuweki pakona pa bolodi, wina wothirira timitengo tomwe tinadzala kuseri kwa kalasi. Kunena zoona, zina zinali tintchito tosanunkha kanthu. Koma munthu akapanda kubwera, ntchito yake inkaonekera kuti sinagwiridwe, ndipo dzina lake linkatchulidwa tsiku lomwelo.

Ine anandipatsa lamulo limodzi. "Iwe monita, wina akajomba masiku awiri otsatizana usadikire kuti ndikufunse. Ubwere undiuze, ndipo undiuzenso amene amayenda naye pobwera kusukulu." Anthu ankayesa akufuna owapatsa chibalo, koma chibalo sichinkabwera. Madamu ankangotuma mnzakeyo kuti akamuone, atatenga manotsi a masiku awiriwo. Nditakula ndinadzamva kuti ku United States mwana amene amajomba tsiku limodzi pa masiku 10 aliwonse a sukulu amamuwerengera kale m'gulu la ana amene ali pangozi yotsalira, kaya zifukwa zake n'zomveka kaya ayi. Amenewo ndi masiku ngati awiri okha pamwezi. Kunyumba sangawaone, mphunzitsi wa phunziro limodzi sangawaone, koma m'buku amaonekera poyera. Zizindikiro za kujomba zimayamba patalipatali, kenaka zimayandikirana, kenaka mzere wonse mbee. Pa anthu onse amene anasiya sukulu ine ndikuona, palibe amene anangodzuka tsiku limodzi n'kusiya. Onse anachoka pang'onopang'ono.

Mu Fomu 2 ndi momwe tinakhaladi kalasi, ndipo sizinachitikire pa bolodi. Sukulu inakonza mpikisano wa masewero pakati pa makalasi. Tinapeka tokha sewero lathu, nkhani yosalongosoka kwenikweni ya mwana amene anabisa lipoti la sukulu kuti bambo ake asalione. Malo a osewera anali ochepa, ofuna ambiri, ndipo masiku oyamba anathera kukangana. Amene anatipulumutsa anali mnyamata wina wamtali, wosayankhulayankhula, amene chaka chonse cha Fomu 1 sindinamumvepo akuyankha funso. Iyeyo za kusewera analibe nazo ntchito. Anangotenga kope n'kuyamba kulemba kuti ndani alowa liti, atulukira mbali iti, mpando uikidwa pati, chitseko chigogodedwa pa mawu ati. Pasanapite nthawi ngakhale odzimva aja ankatembenukira kwa iye: "Akulu, ndilowe?" Iye n'kungokweza chala kuti dikira kaye. Tsiku la mpikisano chingwe cha nsalu yotchinga chinaduka sewero lili mkati. Anakwera pa benchi kuseri n'kuigwirira nsaluyo ndi manja, mikono ili m'mwamba, mpaka chigawo chinatha, owonerera osadziwa kanthu. Sitinapambane. Koma kuyambira pamenepo mnyamatayo analeka kujomba Lachisanu, ndipo umboni ndinali nawo m'buku.

N'chifukwa chake sindigwirizana ndi makolo amene amaletsa mwana chilichonse chomwe si kope. Mwana amene masamu akumukanika amafunika chifukwa china chodzukira m'mawa, kufikira masamuwo atayamba kumveka. Kwa ena chinali mpira, kwa ena kwaya, kwa ena dibeti. Ine ndinalowa kalabu ya chithandizo choyamba, yomwe inkatsata maphunziro a Red Cross. Mbiri yake tinkailoweza monyinyirika, zoti bungweli linayambira ku Geneva mu 1863 kutsatira zimene Henry Dunant anaona ku nkhondo ya Solferino mu 1859, asilikali ovulala atangosiyidwa opanda wowasamalira. Koma phindu lake tinaliona pa tsiku la mipikisano yothamanga. Mtsikana wina atamaliza mamita 400 anayamba kamfuno, ndipo khamu lonse linkakuwa kuti ayang'ane kumwamba. Ife tinamukhazika pamthunzi, kumuweramitsa pang'ono chakutsogolo, n'kumuuza kuti atsine mbali yofewa ya mphuno kwa mphindi 10 osasiya, uku akupumira m'kamwa. Kugadamitsa mutu kumangochititsa kuti magazi atsikire kukhosi. Tinaphunziranso kuti wokomoka amene akupuma umamugoneka chammbali, ndipo sumumwetsa madzi asanatsitsimuke. Amene anatsogolera zonsezi tsiku limenelo anali mtsikana amene m'kalasi ankakhala chakumapeto kwa mndandanda, ndipo ahedi anamutchula dzina pa asembule kwa nthawi yoyamba.

Komabe ndisanamize munthu, zimenezi zili ndi malire ake. Kaputeni wathu wa mpira ankaphonya maphunziro a masana chifukwa cha maulendo ndi zokonzekera, ndipo panalibe womusungira manotsi poti tonse tinkamuona ngati ngwazi yosasowa kanthu. Mayeso a kumapeto kwa Fomu 2 anamugwedeza kwambiri, ndipo dzenje la masamu lomwe linakumbika chaka chimenecho linamutsatira mpaka kumapeto. Kwa ine kalabu imodzi ndi masewera amodzi n'zokwanira. Ndipo amene kalasi yamutuma kukaiyimira kunja, kalasiyo ili naye ngongole ya manotsi.

Chaka choopsa ndi Fomu 3. Mayeso aakulu akuoneka kutali, mantha a uchilendo anatha, matupi asintha, zibwenzi zayamba. Ndi chaka chomwenso tinasankha maphunziro, kalasi n'kugawikana pawiri: a sayansi akuyenda mapewa ali m'mwamba, a mbiri ndi zilankhulo akutchedwa othawa masamu. Ena anasankha potsatira mnzawo wapamtima. Ena anasiya phunziro pothawa mphunzitsi waukali, amene teremu yotsatira yomweyo anasamutsidwa. Musanasiye phunziro lililonse, fufuzani kaye zimene kosi yomwe mukuilakalaka imafuna, chifukwa sukulu ya zaumoyo kapena ya uinjiniya sidzamva zoti munkadana ndi aphunzitsi a kemisitili. Safunsa anadya phula.

M'chaka chimenechi mayina anayamba kuthothoka. Mnyamata wina fizi inamuvuta ntchito ya bambo ake itatha. Ankabwera, kubwezedwa, kubweranso, kenaka anayamba kunena kuti akudwala. Zoona zake anandiuza tili awiriwiri, ndipo ndinamupempha kuti andilole ndikauze munthu mmodzi yekha. "Madamu, pali nkhani, koma mwini wake safuna kuti imveke." Iwo anakakambirana ndi ahedi, anamulola kuti azilipira pang'onopang'ono, ndipo dzina lake linalowa pa mndandanda wa ofuna thandizo nthawi yotsekera isanakwane. Chinathandiza n'chakuti nkhaniyo inafika msanga kwa oyenera, ndipo kalasi sinadziwe. Kalasi ina yoyandikana nafe inachita zosonkha ndalama poyera, dzina la wovutikayo litalembedwa pa bolodi. Cholinga chinali chabwino, koma mwini wake manyazi anamukulira, sanabwererenso.

Mtsikana wina anachoka chifukwa cha pakati. Miseche inali ponseponse, ena mpaka kumupekera nyimbo. Atsikana angapo anagwirizana mwakachetechete kuti azisinthana kumukoperako manotsi ndi kukamuona. Chaka chotsatira anabwerera, koma m'kalasi ya kumbuyo kwathu. Tsiku loyamba anzake aja anamudikira pageti n'kuyenda naye mpaka pakhomo la kalasi yake yatsopano, ndipo pa buleki ankapita kukakhala naye. Kaulendo kochoka pageti kukafika pakhomo la kalasi, maso onse ali pa iwe, ndi kamene kamabweza ambiri. Iyeyu anamaliza sukulu. Enanso analipo amene tinawalondola mpaka kwawo koma sitinawabweze, wina atapeza ganyu, wina banja litasamukira kutali. Madamu sankafufuta dzina teremu isanathe, ndipo ine ndinkaliitanabe m'mawa uliwonse.

Magulu owerengera limodzi anayambanso mu Fomu 3, ndipo anayamba chifukwa cha kusowa. Mabuku a bayoloje anali ochepa, silabasi yaitali. Magulu oyamba sanapite patali: wanzeru mmodzi akuyankhula, enawo akugwedeza mitu, pomaliza wapindula ndi woyankhula yemweyo. Aphunzitsi a bayoloje ndiwo anasintha kachitidwe. Mutu umodzi ankaudula zigawozigawo, aliyense m'gulu n'kupatsidwa chake. Okhala ndi chigawo chofanana m'magulu onse ankayamba akumana paokha kukonzekera, kenaka aliyense n'kubwerera ku gulu lake kukaphunzitsa. Tesiti inkafunsa zigawo zonse. Ndiye sukanamuseka mnzako wachibwibwi kapena kumudula mawu, poti malikisi ako ali m'kamwa mwake. Njira yangati imeneyi anaiyambitsa ndi Elliot Aronson ndi ophunzira ake mu 1971 ku Austin, m'chigawo cha Texas, m'sukulu zomwe ana a mitundu yosiyana anali atangoyamba kuphunzira pamodzi ndipo sankaonana ndi diso labwino. Kwa ife inaphwasula mpanda womwe unali pakati pa otchedwa anzeru ndi otchedwa mbuli.

Mnyamata wa nsalu yotchinga uja anagweredwa gawo loyesa sitachi m'tsamba, ndipo Sala anatitsegulira labu masana. Mnyamatayo anabwera ndi tsamba la mawanga, lobiriwira pakati, loyera m'mbali, lomwe linakhala padzuwa tsiku lonse. Anayamba walijambula m'kope, kusonyeza pobiriwira ndi poyera. Analiviika m'madzi owira kwa kanthawi kuti maselo afe, n'kuliika m'chubu momwe munali ethanol. Mnzathu wina wopupuluma anatenga chubuyo kuti aiike pamoto zifulumire. Iye anamugwira dzanja. "Ayi aise, amayaka ameneyu." Anazimitsa moto n'kuimika chubu m'madzi otentha aja, akutiuza kuti ethanol amawira pa madigiri 78 pamene madzi amafuna 100, choncho madzi otenthawo ndi okwanira. Tinaona ethanol akusanduka wobiriwira, tsamba likutuwa. Litatuluka linali louma gwa, losachedwa kuthetheka, ndiye analiviika m'madzi ofunda kuti lifewe, kuliyala pa kambale koyera, n'kudonthezera ayodini. Pamene panali pobiriwira panada bii, kuda kopita ku buluu, kusonyeza kuti pali sitachi. M'mbali moyera muja munangotsala mtundu wa ayodini womwewo. Anaika chojambula chake pambali pa tsambalo kuti tifanizire tokha. Funso loti chlorophyll, chimene chimabiriwiritsa masamba, ndi wofunika bwanji pa photosynthesis, njira imene zomera zimapangira chakudya ndi kuwala kwa dzuwa, silinavutenso aliyense wa m'gulu lathu, ndipo iye mwini bayoloje inasanduka phunziro lake.

Fomu 4 inabwera ndi mantha. Ena anayamba kuchezera usiku wonse, mapazi ali m'beseni la madzi ozizira kuti tulo tisabwere, m'mawa n'kumasinza aphunzitsi ali pa bolodi. Ine amenewa ndinkawadziwa ndi mayankhidwe a dzina, mawu ochokera pansi pa desiki. A bungwe la American Academy of Sleep Medicine amati wa zaka 13 mpaka 18 amafunika kugona maola 8 mpaka 10, ndipo kugonako ndi kumene kumathandiza ubongo kusunga zimene waphunzira masana. Wochezera amawerenga masamba ambiri n'kutsala ndi ochepa.

Chimene chinatinyamula chaka chimenechi ndi katoni yakale ya choko. Aliyense sabata iliyonse ankaponyamo kapepala, funso mbali imodzi, yankho kuseri, kuchokera pa zimene taphunzira. Mphindi 10 aphunzitsi oyamba asanalowe, wosunga katoni ankatola timapepala n'kumafunsa, osati okweza manja, koma potsata mndandanda. Kapepala kolephereka kankabwerera m'katoni. Koyankhidwa bwino kankalowa mu emvulopu n'kudzatulukanso patatha milungu iwiri, kenaka patatha mwezi. Poyamba anthu ankadana nazo. Kubwereza manotsi kumakoma, chilichonse chimaoneka chodziwika, umadzimva kuti wakonzeka, pamene funso limakuyalutsa pagulu. Madamu atamva madandaulo anajambula mzere pa bolodi, wotsika mwamphamvu poyamba kenaka n'kumayenda chogona. Anati umenewo ndi mzere wa kuiwala wa Hermann Ebbinghaus wa ku Germany, amene ankaloweza timawu topanda tanthauzo n'kumadziyesa yekha, ndipo mu 1885 anaonetsa kuti zambiri timaziiwala m'maola ndi masiku oyambirira. Ukachikumbukiranso chinthu chisanazimiririke, chimakhalitsa. Masiku ano ana a kwathu akamandiuza kuti kuwerenga kawirikawiri n'kokwanira, ndimawauza zimene Henry Roediger ndi Jeffrey Karpicke anapeza mu 2006. Ophunzira amene anabwereza kuwerenga ndime anaposa anzawo atayesedwa patangotha mphindi 5, koma patatha sabata amene ankakumbukira zambiri anali aja anatseka pepala n'kudziyesa. Mayeso a Fomu 4 safunsa za mphindi 5 zapitazo.

Mayeso atayandikira kunabwera mphekesera za mapepala otuluka, ndi akatswiri a likasa olemba timalemba tating'onoting'ono. Amene anatengeka anataya ndalama, komanso masabata omaliza anathera kuloweza mayankho a mafunso amene sanabwere. Monita amapanikizika pa nthawi imeneyi, chifukwa amamva zonse ndipo anthu amafuna adziwe ngati akanena. Ine ndinanena poyera pamaso pa kalasi yonse kuti zimenezo zisalowe m'chipinda mwathu, ndipo zikalowa sindibisa, chifukwa mmodzi akagwidwa chikaiko chimagwera onse olembera malo amodzi. Ena anandikwiyira mpaka tsiku lomaliza.

Phwando lotsanzikana nalo linangotsala pang'ono kutigawanitsa. Ena ankafuna holo, zovala zofanana, woimbitsa nyimbo wochokera kunja, ndipo ndalama yomwe ankaitchula inali yoti mnyamata wa fizi uja ndi ena angapo akanangonena kuti atanganidwa. Tinagwirizana kuti aliyense aike zomwe angathe mu emvulopu yosalemba dzina, awerenge anthu awiri pamaso pa Madamu, ndipo phwando likule molingana ndi zomwe zapezeka. Linachitikira m'kalasi mwathu momwemo, madesiki atakankhidwira kukhoma, ndipo anabwera onse. Chithunzi cha kalasi jambulani mayeso asanayambe. Anthu amamaliza masiku osiyana malinga ndi maphunziro awo, wina akangotuluka pa pepala lake lomaliza wapita, ndipo simudzapezekanso onse malo amodzi.

Ntchito yotsiriza inabwera sukulu itatha. Tisanabalalike ndinapempha aliyense wofuna kuti alembe nambala ya foni yake kapena ya m'bale wake. Zotsatira zikatuluka okhoza amaimbirana okhaokha, olephera amazimitsa foni. Ife tinagawana mayina kuti pasapezeke wosaimbiridwa, ndipo woimbayo asayambe ndi funso la mapointi. Amene anakhoza bwino phunziro lina anapereka manotsi ndi mabuku ake kwa wofuna kulembanso. Tinafufuza tsiku lotsekera kulembetsa mayeso n'kuwauza, chifukwa tsikulo limafika munthu akadali wokhumudwa, asanaganize n'komwe zoyeseranso. Katoni ya mafunso ndi maemvulopu ake inapita kwa olembansowo, ndipo ankakumana nayo Loweruka lililonse. Kaputeni wa mpira uja anali m'gulu limeneli. Chaka chotsatira masamu anakhoza, fizikisi inamukanabe, koma satifiketi anapeza ndipo analowa kosi ya zamagetsi.